Ba Fidelis ndi Utoto Woopa Mvula

Ku Kanakantapa mukatchula dzina la malemu Ba Fidelis Sakala, munthu amayamba wagwira pakamwa, kuseka kumabwera pambuyo. Bambo amenewa ankajambula. Osati ndi foni ayi, koma ndi burashi, kapu ya madzi, ndi kabokosi ka utoto wosungunula ndi madzi. Pepala ankalinyoza koopsa. "Pepala ni la ana a sukulu," ankatero. "Munthu wamkulu ajambula pa tenti." Motero chinsalu chilichonse chokhuthala chinali pangozi. Tenti yofundira chimanga, yophimbira katundu pa lole, ukangoiyanika pafupi ndi kwawo n'kupita kudimba, pobwera umapeza ili ndi nkhope, mwinanso nkhope yako yomwe.

Amene anaziona kwambiri ndi akazi awo, Ba Josephine, Amake Maureen. Iwo anakwatiwa ndi mlimi wa tomato, munthu wabwinobwino. Tsiku lina mlimiyo anapita kukakonza mpanda ku mishoni, sisitere wina wokalamba yemwe ankabwerera kwawo n'kuwapatsa kabokosi kaja. Amene anabwera kunyumba madzulo ake anali munthu wina.

Vuto linali loti utoto wa madzi sugwira pa tenti, umangoyenderera ngati mame pa tsamba la nthochi. Ba Fidelis anasinkhasinkha mpaka anapeza mankhwala ake. M'mawa wina Ba Josephine anavundukula poto n'kupeza mbee.

"Atate ake Maureen, phala lili kuti?"

"Lili pa tenti."

"Mwalitayila?"

"Awe, napaka. Nasakaniza na laimu na kamchere. Bwelani muone mwamene yagwilila!"

Ba Josephine anangokhala pansi pomwepo, chipande chili m'manja.

Nzeru ya phalayo inaonekera poyera pa ukwati wa mwana wawo Maureen, yemwe ankakwatiwa ndi Derrick, woyendetsa minibasi wa ku Nkomeshya. Mphatso ya bambo ake inali chithunzi cha awiriwo, chachikulu ngati anthu enieni, ndipo kunena zoona chinali chokongola. Anachipachika pa mpanda wa udzu kuseri kwa tebulo la akwati. Mkati mwa malangizo, anthu anaona chithunzi chikugwedezeka popanda mphepo. Kenako mwendo wa Derrick unayamba kufupika. Unatha mpaka m'bondo, winawo n'kuyambanso.

"Mayo ine, mwana wanga!" anakuwa amake Derrick. "Malodza! Derrick, nyamuka tiyende, pano akudya ukali moyo!"

Pansi pa chinsalu panatulukira mutu wa mbuzi, ikutafuna mosatekeseka, ndevu zili biriwiri ndi utoto. Inali itaboola mpanda potsatira fungo la phala ndi mchere. Koma amake Derrick anali atanyamula kale chikwama, abale awo akuimirira mmodzimmodzi, Maureen misozi ili chuchuchu pa diresi loyera. Ba Fidelis, m'malo mopepesa, anawerama n'kuyang'anitsitsa pamene panadyedwapo.

"Asebele, musakalipe," anatero. "Iyi mbuzi idziwa vabwino. Onani, mauwa yasiya, yasankha mwana wanu."

Akanapanda Ba Josephine, ukwatiwo ukanathera pomwepo. Anagwada pamaso pa asebele awo. "Mbuzi ni yathu. Yadya mwana wanu, manje imwe muidye. Anyamata, mpeni!" Fungo la chiwindi chootcha litamveka, a ku Nkomeshya anakhalanso pansi, ndipo banjalo lilipo mpaka lero.

Mungaganize kuti zitatero anthu anachenjera. Ayi ndithu. Chaka chotsatira a tchalitchi anafuna chinsalu chonyamula pa mdipiti wa Lamulungu la Kanjedza, ndipo tcheyamani wawo, Ba Humphrey, ndi amene anapita yekha kukawapempha Ba Fidelis kuti ajambule Mgonero Wotsiriza. Ba Josephine anayesa kuwachenjeza. Ba Humphrey anawadula: "Amayi, izi ni za komiti."

Tsikulo litakwana, chinsalu chinatambasulidwa kutsogolo kwa mpingo wonse, ndipo kwaya inasiya nyimbo pakati. Atumwi onse anali anthu a ku Kanakantapa. Petulo anali wa chigayo. Tomasi anali aphunzitsi ena osakhulupirira nyengo ya pa wailesi. Ndipo kumapeto kwa tebulo, dazi lili waliwali, dzanja lili m'mbale, kunali Yudasi.

"Ba Fidelis," anatero Ba Humphrey, "uyu nindani?"

"Ni Yudasi, ba Tcheya."

"Nanga dazi iyi? Na jekete yanga?"

"Musadandaule. Ninafuna chabe munthu wooneka wodalilika. Yudasi akanaoneka ngati kawalala, sembe anamupatsa thumba la ndalama?"

Ansembe anatsokomola nthawi yaitali, nkhope ataibisa m'buku. Nthawi inali itatha, mdipiti unayenera kuyamba. Ba Humphrey anatambasula ambulera yawo n'kumayenda moyandikana ndi chinsalu, ataphimba nkhope ya Yudasi kuti anthu a m'mbali mwa msewu asaione. Atafika pakati pa ulendo, mvula yotsanzika ija inangoti pha! Ba Josephine, ali m'gulu la amayi, anaona Petulo akulira misozi yofiira, Tomasi akutsikira pansi pa tebulo, tebulo lenilenilo likudontha pa nsapato za onyamula. Amayi ena anagwada m'matope poyesa chozizwitsa. Pofika pakhomo la tchalitchi, chinsalu chonse chinali mbuu. Ba Humphrey anapuma mozama, n'kutsitsa ambulera. Pamalo pouma paja panatsala munthu mmodzi yekha pa mgonero wonsewo, akumwetulira, dazi lili waliwali.

Ba Josephine anasiya kupita kumsika kwa kanthawi ndithu.

"Simungaguleko penti ya mafuta monga anzanu olemba mashopu?" anawafunsa amuna awo.

"Ija siimvela," anayankha. "Ukalakwitsa, walakwitsa mpaka imfa. Iyi ikhululuka."

Ukalamba unabwera nawo matenda a shuga. Miyendo inatupa, kudimba anasiya, ankangotsala pakhomo Ba Josephine akapita kukathirira. Pobwera ankawapeza zala zili ndi utoto, koma chojambulidwa osachiona. Akafunsa, yankho linali limodzi: "Nisewela chabe, Amake Maureen." Anamwalira mwezi wa Okutobala, kukutentha, kumwamba kulibe ndi kamtambo komwe.

Tenti ya maliro ya tchalitchi inkasungidwa kwawo konko, poti Ba Josephine anali m'gulu la amayi osamalira ziwiya za mpingo. M'mawa azibambo anaitulutsa, n'kuikweza pa mitengo, anthu n'kulowa kukhala pansi. Woyamba kuyang'ana m'mwamba anali Derrick. Anangoti kukamwa yasa. Kenako aliyense anayang'ana, ndipo kulira kunaima ngati wina wazimitsa wailesi.

Kudenga kwa tentiyo, mkati monse, kunali maliro a Ba Fidelis omwewo. Mwini wake anali gone m'bokosi, diso limodzi lili lotsegula. Ba Humphrey ankatsogolera nyimbo, koma khosi litapotokera kumene kunali mapoto a nyama. Wa chigayo ankasinza. Amake Derrick anakhala patali ndi mbuzi, akuiyang'ana mokayikira. Panalibe amene anasiyidwa. Ndipo pakati penipeni panali Ba Josephine, osati okalamba ngati lero, koma mtsikana wonyamula dengu la tomato, mutu ataupendeketsa, akuseka mpaka mano onse panja. Pa anthu onse a m'chithunzimo, iwo okha ndi amene sanavale zakuda.

Anthu ankaopa kuyang'ana namfedwa. Ba Josephine anayang'ana m'mwamba nthawi yaitali.

"Amuna awa," anatero potsiriza. "Na pamalilo pao afuna niseke."

Ndipo anasekadi, kuseka kosakanikirana ndi kulira, mpaka amayi anawagwira. Tenti yonse inatsatira. Anthu odutsa mumsewu anaima n'kumafunsana ngati pamenepo panali maliro kapena chinkhoswe. Atabwerako kumanda, Ba Humphrey anaipinda okha tentiyo, mosamala ngati nsalu ya paguwa, n'kulengeza kuti komiti igula ina, iyi isadzaonenso mvula.

Masiku ano ku Kanakantapa kuli bata. Ukwati umayamba n'kutha monga anakonzera, mdipiti umafika ku tchalitchi wopanda nkhani, ndipo anthu pobwerera kwawo amasowa chokambirana. Mvula yoyamba ya chaka chimene Ba Fidelis anamwalira itayamba kugunda pa malata, Maureen anaona amayi ake akudzambatuka n'kuthamangira panja opanda nsapato. Anazungulira kuseri kwa nyumba, anayang'ana pa mpanda, pa chingwe, pansi pa mango, malo onse amene amuna awo ankayanikapo zojambula. Kenako anaima pakati pa bwalo, manja ali lende, mvula ikuwanyowetsa.

"Amama, mufuna chani?"

"Palibe, mwana wanga," anayankha. "Palibe cholowetsa."