Tsiku Limene Mkwatibwi Anabiriwira

Kwathu ku Mtendere munthu akangotchula za TV yatsopano, abale onse amatembenuka n'kundiyang'ana ine. Papita zaka ndithu koma nkhaniyi ikukana kukalamba, ndiye bola ndiifotokoze ndekha alongo anga asanaithire tsabola.

Tinakula ndi TV ya atate, chibokosi chakuda cha linunda kumbuyo, cholemera ngati thumba la simenti. Atate, a Phiri, anali telala, ndipo anaisokera chophimba cha nsalu ya maluwa. Loweruka masana ana a mumzere wathu wonse ankakhala pansi m'chipinda chochezera, ochedwa akusuzumira pawindo, amayi akudandaula za fumbi la kumapazi koma osathamangitsa aliyense. TV ija ikayamba kuchita mizeremizere, atate ankaipatsa mbama imodzi kumbali, basi yachira. Mbama ikalephera tinkaikweza pa wilibala kupita nayo kwa ba Zulu, okonza mawailesi pamsika. Iwo ankaitsegula, kuuzira fumbi, kuwotcherera kawaya, madzulo ife tikuonera nkhani.

Nditayamba ntchito m'sitolo ya mankhwala m'tauni, chibokosi chija chinayamba kundichititsa manyazi. Mlongo wanga Yohane anali atangokwatira kumene, ndipo apongozi ake a ku Chawama, ba Tembo ndi akazi awo, ankabwera Lamlungu kudzaonera kanema wa ukwatiwo. Ndinati mumtima, anthu aulemu chonchi asadzaone mwana wawo pa linunda.

Ndinayamba ndi sitolo yaikulu. Wogulitsa, mayi wofatsa, anandionetsa TV ya dzina lodziwika, koma yaing'ono.

"Iyi ilimba, na masipeya yake yapezeka paliponse," anatero.

Ine ndinangomva mawu oti yaing'ono, amene sanawanene n'komwe. Ndinatuluka n'kulowa m'kanjira ka kuseri, kumene m'kasitolo kena munali chiTV chachikulu ngati chitseko, chopyapyala ngati kalendala. Dzina lake linkafanana ndi la ija yodziwika, kungoti linali ndi chilembo chimodzi chowonjezera (ndinaganiza kuti ndi mphatso).

"Ba sista, pali iyi muzaona na thukuta ya oteya bola," anatero mwini wake, kunena osewera mpira.

"Nanga ikaonongeka?"

"Siionongeka."

"Galanti ilipo?"

Anadziguguda pachifuwa. "Galanti ndine. Simuniona?"

Ndinamuona. Ndinagula.

Tsopano tafika pamene pamandiwawa mpaka lero. Loweruka, atate ali ku msonkhano wa akulu a mpingo, kunadutsa anthu ogula zitsulo zakutha. Ndinawapatsa TV yakale ija. Atate atabwera anayang'ana chitseko changa chili pakhoma, n'kuyang'ananso patebulo pamene panangotsala nsalu ya maluwa.

"Ija yapita kuti?"

"Yapuma, atate."

"Oo," anatero. Anaipinda bwinobwino nsaluyo n'kukalowa nayo kuchipinda. Ndinkayembekeza kutukwanidwa, ndipo kukanakhala kwabwino.

Lamlungu masana alendo anafika, tinadya, ine n'kuyatsa TV modzikweza ngati ndapanga ndekha. Poyamba zinali bwino zedi. Mayi Tembo mpaka anati, "Mwana uyu aziba kusunga makolo." Ndinaweramitsa mutu modzichepetsa (kudzichepetsa kwabodza kumene ndakulipirira mokwanira).

M'kanemamo mkwatibwi atangoponda pakhomo la tchalitchi, anabiriwira. Diresi, nkhope, maluwa, abusa, onse ngati masamba a chibwabwa.

"Kodi diresi tinasankha ija sinali yoyera?" anafunsa mayi Tembo mwaulemu.

Ndinadina limoti. Panatuluka zilembo za chinenero chimene palibe aliyense m'nyumbamo anachionapo. Ndinadinanso, kanema analumpha mpaka kumadyerero, pamene ba Tembo ankalankhula m'malo mwa banja. Ndinadina kachitatu, mawu anakwera mpaka mbale za m'kabati zinanjenjemera. Ndiye chithunzi chinauma ba Tembo ali kukamwa yasa, obiriwira, akulu ngati chitseko, TV ikubwereza mawu amodzi okha: "mkamwini, mkamwini, mkamwini." Yohane anamira mumpando. Mkazi wake anabisa nkhope m'chitenje, mapewa akugwedezeka.

Atate anadzuka mwakachetechete, monga ankachitira zaka zonse zija, n'kuipatsa mbama imodzi kumbali. Inangoti phu. Mdima, kautsi, ndi fungo la pulasitiki wopserera.

Ba Tembo anakonza kukhosi.

"Ba Phiri," anatero, "bana ba masiku ano sibamenyewa."

Atate ndi amene anayamba kuseka, mpaka misozi. Ukwatiwo tinaumalizira pa foni ya mlamu wanga, mitu isanu ndi itatu itagundana pamwamba pa kagalasi kochepa ngati sopo.

Mawa lake ndinapita kukafuna galanti wanga. M'kasitolo muja ndinapezamo munthu wina, amene anati mnzakeyo sakumudziwa, TV sakuidziwa, ndipo inenso akundiona koyamba. Ndinabwerera ku Mtendere, n'kubwereka wilibala, ulendo wa kwa ba Zulu, njira yomwe ija ya ubwana wanga, koma tsopano aliyense akundifunsa ngati ndikusamuka.

Ba Zulu anali atachita imvi. Anaitembenuza, kufunafuna pomasula, osapapeza. Inali yomata ndi guluu. Ataikanula ndi mpeni, m'katimo munali kabodi kamodzi kochepa ngati chikhatho changa, kwinako mphepo yokhayokha.

"Mwana wanga, TV yabwino imadwala, tiipoletsa, idwalanso, tiipoletsanso," anatero. "Iyi siiziba kudwala. Iziba chabe kufa."

"Masipeya?"

"Kuti? Na wamene anaipanga anaibala kale za iyo." Anapukuta manja. "Nanga ija ya batate bako ili bwanji? Papita nthawi sinaione."

Ndinawauza. Sanandidzudzule. Anangoti ndikadzafunanso kugula, ndidzayambe ndafunsa wokonza, chifukwa wogulitsa amaona TV pa tsiku la ukwati wake, wokonza ndi amene amakhala nayo m'banja.

Patapita miyezi ingapo tinagula ija yaing'ono, ba Zulu atavomereza, atate ataitembenuza kaye n'kuwerenga masikuluwu omasulira kumbuyo. Koma chakufa chija anakana kuchitaya. Anachibwezera pakhoma, n'kumapesera tsitsi pagalasi lake lakudalo Lamlungu lililonse mpaka chaka chimene anatisiya. Mlendo akafunsa chifukwa chake sayatsa yaikuluyo, iwo ankaloza ine ndi chipeso.

Ndikanakonda kunena kuti ndinaphunzira. Masikuluwu ndimawerengadi, ngakhale pogula ketulo. Koma mwezi wathawu mwamuna wanga anandipeza nditaima pawindo la sitolo ina m'tauni, maso ali pa chiTV chachikulu kuposa chija. Anangondigwira pamkono n'kundiwolotsa msewu ngati nkhalamba.