Khoka la Anthu Onse

Anzanga, mukandiona ndikusoka khoka ndekhandekha pansi pa mkuyu uwu, musamati mwayi wa banja unandilambalala. Unabwera ndithu, koma ndinaugawa ndi manja angawa.

Inali nthawi imene Kampani ya azungu inkalamulira dziko lino, ine nditangobwera kumene kuchokera ku Joni. Kumeneko tsiku lina Lamulungu munthu wina anakwera pabokosi m'komboni n'kufuula kuti mwini mgodi ali ndi mimba imodzi, wokumba nayenso imodzi, nanga wina adyerenji zambiri? Mawuwo anandilowa m'mafupa. Njira yonse yobwerera ndinkangolota dziko losalala ngati nyanja ya bata m'mamawa, yopanda funde lodzikweza pa linzake, aliyense ali ndi dengu lofanana ndi la mnzake, ndipo ndinkamwetulira ndekha mpaka anzanga apaulendo ankati dzuwa landizunguza mutu.

Nditafika ku Chiwanga ndinagula khoka, kenako ndinafunsira Esitere wa ku Maniamba, mtsikana woseka ndi maso, amene ndinkamukonda kosati masewera. Amalume ake, a Mbwana, anatumiza mawu akuti atsika Lolemba kudzaona ngati khokalo lingadyetse mwana wawo. Nsomba zikachuluka, Esitere ndi wanga.

Mwambo mukuudziwa. Mwini khoka amatenga theka, okoka amagawana zotsala, ndipo wodutsa amene wagwirako chingwe amapatsidwa kandiwo chabe. Koma ine, tikutuluka m'tchalitchi, ndinasowa bokosi, ndiye ndinakwera pabwato lovundikira.

"Abale, pa khoka langa palibe patarau, palibe bwana! Aliyense wogwira chingwe mawa alandira mofanana ndi ine!"

Anaomba m'manja, ine mtima dyokodyoko. Nanga ndikanadziwa bwanji kuti mawu amathamanga kuposa ngalawa ya matanga?

Kutacha, mayo ine! Gombe lonse bii ndi anthu. Ena anachita kupalasa usiku wonse kuchokera ku Meluluca. Amayi ankagwiritsa chingwe timanja ta makanda, amvekere nawonso ndi anthu, ndipo ndikanatsutsa ndi pakamwa pati? Sipayi, msilikali wa Kampani, anadutsa, anamva lamulo langa, anaika pansi ndodo yake n'kugwirako. A Mbwana nawo anatula mtolo wawo n'kulowa pamzere. Kumapeto kwenikweni kunali Mateyu, mlesi wodziwika gombe lonse, atakhala pamchenga, wakhudza chingwe ndi chala chimodzi chokha.

Tsono poti ndinathetsa upatarau, panalibenso wolamula kakokedwe. Aliyense ankalamula. Achingwe chakumanja anayamba nyimbo yawo yokokera, akumanzere yawonso, uku akuthamanga uku akukambirana kaye, khoka linabwera chopendekeka, chambo n'kumatuluka pambali poyerayera. Ine ndinali m'madzi mpaka m'khosi, kufuna kukalipa, koma ndikalipire ndani anthu tonse tili ofanana?

Zotsalazo tinazikhuthulira pamchenga. Ndinagawa ndekha, mwachilungamo, thukuta lili kamukamu. Aliyense analandira utaka uwiri. Khanda uwiri, sipayi uwiri, ine mwini khoka uwiri.

A Mbwana anayang'ana nsomba zawo, anayang'ana zanga, kenako anatembenukira kwa Mateyu amene ankayasamula ndi ziwiri zake m'manja.

"Bambo, mawu anu ndi okoma ndithu, andigwira mtima," anatero mwaulemu wonse. "Ndiye ngati mwini khoka ndi wogwira ndi chala apita kwawo ndi ndiwo zofanana, mwana wathu akwatiwe ndi awa. Sananyowe, sanatope, ndipo alibe khoka loti azikhalira kusoka."

Ndinaseka, ndimayesa nthabwala. Mvula isanagwe, Esitere anakwatiwa ndi Mateyu, ndipo ku ukwatiko ndinapatsidwa nyama yofanana ndendende ndi ya wina aliyense. Zinandiwawa, anzanga, sindibisa.

Mpaka lero Mateyu akamadutsa pano amandipatsa moni pokweza chala chija. Dziko losalala lija ndimalilotabe, makamaka nyanja ikachita bata, ndipo sindinasiye kukhulupirira kuti mimba ndi imodziimodzi. Koma ndinalumbira kuti ndikafuna kulota ndizilota nditagona pansi, osati nditaimirira pabwato anthu akumva. Ndipo wofuna gawo pa khoka ili, ayambe wandionetsa matuza m'manja.