Chovala chachitsulo cha alamu anga

Lamulo limene linandiyalutsa ndinalipempha ndekha, mokweza mawu.

Lamulungu lililonse tikaweruka ku tchalitchi timakumana atatu pakhonde la eskola, sukulu yathu ya ku Domwe, kusewera masewera a nthano pa foni. Aliyense ali ndi munthu wake wolembedwa pa tsamba, pamodzi ndi mphamvu zake, zovala ndi zida. A profesora Celestino ndiwo amayendetsa nthanoyo. Alamu anga a Zakeyu anali ndi msilikali amene anamulera chaka chathunthu. Wanga ndi wamatsenga wowonda ngati bango (akuti tikufanana).

Poona kuti alamu amaiwala malamulo zinthu zikawathina, ndinaumiriza a profesora kuti atchere pulogalamu ya masewerawo izilondera yokha malamulowo. Atatchera ndinawomba m'manja.

Tsiku lina m'nthanomo tinapeza bokosi m'phanga, ndipo woyamba kutsegula ndinali ine. Munali chovala chachitsulo, choyenera msilikali. Anzangawo ndinawauza kuti muli zingwe zokhazokha, n'kumuveka wamatsenga wanga mwakachetechete (imfa ndimaiopa, ngakhale ya pa foni). Chimene ndinaiwala n'chakuti wamatsenga akavala chitsulo chimene sanaphunzire kuvala, matsenga ake amatsekeka.

Posakhalitsa chinatulukira chimphona, n'kuyamba kusasantha msilikali wa alamu, amene anali m'malaya achikopa chabe.

"Alamu, ponyani moto uja," anatero a Zakeyu.

Ndinadina. Batani lili mbuu, osayankha. Ndinadinanso. Apo ndinanamizira rede, netiweki ija, kuti foni yagwira ya ku Malawi monga imachitira kuno kumalire. Ndinaikweza m'mwamba, ndinazungulira nayo bwalo, mpaka kukwera pachulu kuseri kwa sala yophunziriramo. Nditabwerera a profesora anaipempha foniyo, navala magalasi, n'kuwerenga ngati akulengeza olephera mayeso: "Matsenga atsekedwa. Mwavala chovala chachitsulo."

M'nthanomo kuvula chovalacho kumatenga mphindi khumi, koma msilikali wa alamu anafa isanathe yoyamba. Wanga chimphona chinamumenya katatu, osakandika olo pang'ono.

Alamu sanakalipe. Anaika foni m'thumba n'kufunsa, "Chikukukwanani bwino?"

Manyazi amenewo sindidzawaiwala, makamaka poti madzulo nkhani inali itafika kale kwa mlongo wawo, amene ndi mayi a kunyumba kwanga.

Sabata yotsatira ndinapempha kuti lamulo lija tilichotse, poti limasokoneza ubale. Onse awiri anakana. Alamu apanga munthu watsopano, ndipo asankha wakuba. Chovala chija ndinavula, koma kupereka ayi, chili m'chikwama cha wamatsenga wanga. Wakubayo amayenda kumbuyo kwanga kulikonse, ndipo ndikacheuka alamu amangomwetulira.