Gilinipepa wa M'dimba la Apongozi

Mpaka lero ndikadutsa pamsika wa pa Boma n'kuona gilinipepa pathebulo, ndimayang'ana kumbali. Amayi ogulitsa amadziwa chifukwa chake, ndipo ena sabisa n'komwe kuseka. Ndaona kuti ndi bwino ndiulule ndekha nkhaniyi, poti ena akamaifotokoza amaithira mchere wambiri.

Ine ndinakulira ku Matero, ku Lusaka, kumene ndiwo timazidziwa zili kale m'mitolo. Ntchito ya ukalaliki itandiponya ku Feira, ndinakwatira Rozina, mwana wa komweko. Bambo ake anali atamwalira kale, koma anasiya kachigawo ka dimba m'mbali mwa Luangwa, pamene Rozina anaphunzirira kugwira khasu. Chaka chimenecho anali woyembekezera, pathupi pake panali povuta, choncho anapita msanga kwa azakhali ake ku Katondwe kuti akhale pafupi ndi chipatala. Apongozi anga anali atanena kale kuti dimbalo likagonera chaka chino, alipereka kwa msuweni wawo amene ankalipempha chaka ndi chaka.

Akukwera lole, Rozina anandigwira dzanja. "Dimba ya atate isayende, mwamvela?"

"Osavutika," ndinatero ine, chifuwa patsogolo. "Mukabwela muzapeza gilinipepa, osati vibwabwa vamene alima aliyense."

(Vibwabwa ndi nkhwani wamba, pomwe gilinipepa ndi tsabola wamkulu uja wosawawa. Ndinali nditamudyapo kawiri paukwati, koma mtengo wake ndinali ndisanauonepo.)

Mbewu ndinaitanitsa ku Lusaka, pamodzi ndi kabuku ka zaulimi. Kabukuko kanati nazale imafuna manyowa, ndiye ndinapita kukhola la mbuzi za apongozi n'kukokolola matumba atatu. Inali nyengo ya masau. Amene sanafikeko ku Feira adziwe kuti masau ndi mitengo yaminga imene imamera paliponse popanda woibzala, ndipo zipatso zake zikamagwa mbuzi zimadya mpaka mimba kuti ndi. M'manyowamo ndinaona tinthu tolimba ngati timiyala, koma ndinati m'mtima, dothi lidzagaya lokha.

Ndinafesa, ndinaphimba ndi udzu, ndinayamba kuthirira. Madzi ndinkatunga m'kachitsime kokumba pamchenga, chifukwa kumtsinje kwenikweni kuli eni ake a mano, ng'ona. M'mawa ndisanapite kuofesi ndowa khumi, madzulo ndowa khumi. Mapewa a kalaliki anamva kuti kunja kuno kuli ntchito.

Patapita masabata angapo nazale inamera mitundu iwiri. Wina unali tizomera toonda, totumbuluka, tooneka ngati tikupempha chikhululukiro. Winawo unali wobiriwira bwino, masamba onyezimira, tsinde lolimba. Ndinatsegula kabuku, ndipo kanati chotsa zofooka, siya zamphamvu. Ndinazula toonda tonse, n'kutiponya kunja kwa dimba mbuzi zikuonerera. Ndikukumbukira kuti ndinkaimba mluzu.

Tsono pali mwambo umene muyenera kuudziwa. Kuno mpongozi ndi mkamwini sayang'anana m'maso ndipo sauzana zinthu mwachindunji. Apongozi akafuna kukuuza kanthu amaima chapatali, n'kumalankhula ndi mtengo kapena galu, iwe n'kutolapo wekha. Tsiku limene ndinkaokera mbande m'mizere, nditakoka chingwe ndi kuyeza ndi rula ya kuofesi, apongozi anatulukira ndi galu wawo. Anaima kuseri kwa nthochi nthawi yaitali. Kenaka anatsokomola.

"Iwe Tigere," anatero kwa galuyo, "mbuzi za chaka chino zadya masau maningi, ambili zedi."

Ine ndinagwada, maso pansi, n'kuyankha cha kwa galu yemweyo. "Zoona, zanenepa bwino. Na manyowa yake ni yamphamvu."

Apongozi anabwerezanso, pang'onopang'ono ngati akuphunzitsa katekisimu: "Masau. Maningi. Mbuzi." Ine ndinavomera ndi mutu, n'kuganiza kuti ukalamba wayamba kuwafika. Anapita akupukusa mutu, galu pambuyo.

Mbande zinagwira pafupifupi zonse. Dzuwa la ku Feira, limene limafooketsa ngakhale chimanga cha akatswiri, silinazichite kanthu. Ndinalembera Rozina kalata, n'kuipatsa dalaivala wa lole, yonena kuti mwina ndinabadwa mlimi koma tauni inandibisa. Ndinamuuzanso kuti alonjeze azakhali ake dengu lathunthu.

Kenaka zinayamba kumera minga. Tsiku lina ndikupalira, kamunga kanandibaya chala mpaka magazi. Apa ndinayamba kukayika pang'ono, ndipo ndinapita kukafunsa mlamu wanga Dominiko, mchimwene wake wa Rozina, msodzi wa ndevu zake. Ndinaiwala kuti mlamu ndi munthu amene mwambo unamupatsa chilolezo chokuseweretsa. Anabwera, anazungulira mizere yonse manja kumbuyo, anawerama, ananunkhiza tsamba.

"Mulamu, mbeu munagula kuti?"

"Ku Lusaka."

"Ndiye chifukwa. Iyi ni mtundu wa manje, watsopano, wa ku Zimbabwe. Anaiikila minga kuti mbuzi zisadye. Imwe muzithilila chabe, osaleka."

Anatembenuka msanga, mapewa akugwedezeka. Ine ndinayesa chifuwa cha fodya.

Kuyambira tsiku limenelo alendo anachuluka kudimba. Amayi ochokera kumadimba oyandikana ankabwera awiriawiri, kuima, kugwira pakamwa, n'kubwerera. Bambo wina anachita kutsika panjinga. Ine ndinkawalonjera mwaulemu ndi kuwafotokozera za katalikiridwe ka mizere. Poopa kuti ansanje angatsegulire mbuzi, ndinadula nthambi za masau kuthengo n'kumanga mpanda wokwera mpaka m'chiuno. (Inde, za masau. Ndinazinyamula ndi manja angawa, masamba ake akundikhudza kumaso, osaona kanthu.)

Rozina anabwera patatha miyezi iwiri ndi theka, ali ndi mwana wamkazi kumsana. Atapuma masiku angapo anati akufuna kuona dimba. Tinapita tonse, apongozi akutsatira chapatali, Dominiko naye anasiya maukonde ake kuti asaphonye.

Rozina anaima pakhomo la mpanda. Anathyola tsamba limodzi pampanda, analowa, anathyola lina pamzere woyamba, n'kuika onse awiri m'chikhatho changa.

"Yanganani," anatero.

Ndinayang'ana. Ndinatembenuza. Ndinayang'ananso. Anali mapasa.

"Nanga gilinipepa ili kuti?"

"Panali tina toonda," ndinayankha ndi mawu a munthu wodwala malungo. "Ninazula."

Dominiko anagwa pamchenga n'kumagubuduka. Koma Rozina sanaseke. Anayang'ana mizere isanu ndi umodzi ya minga, yowongoka bwino, pamalo pamene bambo ake ankakolola matimati, ndipo misozi inalengeza m'maso. Apo manyazi anasanduka chisoni. Kusekedwa ndikanapirira, koma ndinali nditamutayitsa chinthu chimodzi chokha chimene anandisungitsa.

Apongozi anafika, n'kukhala pansi kuseri kwa nthochi ija. Tonse tinadziwa kuti mlandu wa dimba ukugamulidwa pomwepo. Nthawi ino sanalankhule ndi galu, analankhula ndi mwana wawo.

"Rozina, uwauze atate ake a mwana kuti nakalamba, koma munthu wolima masau m'mizere nikalibe kumuonapo."

"Amvela, amama."

"Uwauze kuti n'nawauza kawili."

"Amvela."

Apongozi anakanda pansi ndi kamtengo. Ine thukuta lili kamukamu.

"Koma uwauze futi ichi. Ine n'nali kubwela kuno masiku onse. Sin'napezepo dothi youma, olo tsiku imodzi. Wamene apempha dimba uja, matimati yake yanafota mwezi watha chifukwa cha ulesi. Munthu wamene angathilile minga miyezi iwili osatopa, mwana wanga na mzukulu wanga sazagona na njala. Dimba ikhale."

Rozina anapukuta m'maso. Ine ndinaomba m'manja mwaulemu.

"Koma," anapitiriza apongozi akudzuka, "awa ntchito yawo ni madzi chabe. Kuzula, azizula ni iwe."

Kuchotsa masauwo kunanditengera masabata awiri, chifukwa mizu yake inali italowa pansi ndithu ndi madzi anga omwe, ndipo manja anga anachita zipsera ngati ndalimbana ndi mphaka. Chigamulo chija sichinasinthe. Dimba lilipo, limabala matimati, repu ndi therere, ndipo anthu amatiyamikira. Mwana uja anakula, ali ndi ana ake, ndipo ngakhale iye amaloledwa kupalira.

Ine ndimafika ndi ndowa zanga, ndimathira, ndimabwerera kuchitsime. Nthawi zina ndimaona kachomera koonda pakati pa mzere, dzanja n'kuyamba kuyabwa. Ndikangowerama, mawu a Rozina amachokera kutsidya la dimba, osatembenuka n'komwe: "Siyani."