Mafuta anandithera ndili ndi akwati

Mpaka lero ndikamva hutala za ukwati mumsewu, mtima umagunda ngati ndaba. Ndikuuzani chifukwa chake, bola museke pang'ono.

Chaka chatha ndinagula kagalimoto kakunja, kaja amati sikamwa mafuta. Abale inu, chimwemwe chake! Pa dashibodi kamalemba kokha makilomita amene atsala kuti mafuta athe, ndipo nambala imeneyo ndinkaikhulupirira kuposa mawu a abusa. Kuntchito ku Makata ndinasanduka mlaliki: "Opanga magalimoto analapa, anthuni! Aka petulo kamangonunkhiza basi."

Ndiye mlamu wanga Chisomo, mng'ono wa mkazi wanga, atapempha kuti kagalimotoka kadzanyamule akwati pa ukwati wake, ndinavomera asanamalize n'komwe. Sabata ya ukwatiyo mafuta ankasowa. Lachisanu mkazi wanga anati, "Bambo a Tadala, pitani mukaime pamzere." Ndinasuzumira dashibodi, yalemba 30. Kuchoka kwathu ku Chigumula, kutchalitchi ku Limbe, kenako kuholo m'tauni, ndinaona kuti atsalako ndithu.

"Mzere ndi wa magalimoto akale," ndinatero (pakamwa pangapa padzandiphetsa).

Chimene sindinaganize n'chakuti amene anayeza galimotoyo kwawoko sanaonepo ukwati wa ku Blantyre. Titatuluka m'tchalitchi munalowa akwati, aperekezi awiri ndi keke pamiyendo. Chisomo anati, "Alamu, yatsani eyakoni, zodzolazi zisungunuka!" Ndinayatsa. Mdipiti unkayenda ngati nkhono, uku tikukhotakhota msewu wonse, hutala pii pii, ine ndikuvina ndi mapewa. Kenako wojambula anati tikhotere kaye ku Mpingwe, kuli malo okongola.

Nambala ija inayamba kutsika modumpha: 17, 9, 4. Kenako inangosowa, ndipo mudashibodi munamveka mawu a mayi wina akulankhula chiyankhulo chakwawo. Ndinauza akwati kuti akuwafunira zabwino zonse. Anaomba m'manja.

Mukudziwa kuti akwati sadutsa pa raundabauti osazungulira. Koyamba, nthungululu. Kachiwiri, amayi kutulutsa zitenje pawindo. Ine thukuta kamukamu, ndikufuna kutuluka pa raundabautipo, mkwati wamwamuna anakuwa, "Kamodzinso, achimwene!"

Kachitatu kagalimoto kanatsokomola kawiri, n'kungoti zii.

Popeza ndinali patsogolo, mdipiti wonse unadzimanga mfundo, mutu kukumana ndi mchira. Palibe wolowa, palibe wotuluka. Kondakitala wina anatulutsa mutu pa minibasi: "Akwati, tsikani m'kagalimoto kakufako! Blantyre awiri!"

Ine ndi mkwati tinatsika n'kuyamba kukankha, masuti ali pathupi. Chisomo, amene sanayendetsepo ngakhale njinga, anagwira chiwongolero ndi magolovesi ake oyera, misozi ili chuchuchu. Manyazi amene ndinachita sindinawaonepo chibadwire. Kuholo akwati anakafika mochedwa ndi ola lathunthu, pa minibasi yomwe ija, Chisomo velo atalipinda pamiyendo.

Kaya opanga magalimoto amayesetsadi kapena amangotipusitsa ndi manambala, ine sindikudziwa. Kuntchito ndinasiya kulalika, ndipo pamzere ndimaima ngati wina aliyense.

Mwezi watha Chisomo, amene tsopano amakhala moyandikana nafe ndipo anali woyembekezera, nthawi yake yochira inakwana. Ndinathamangira kwawo makiyi ali m'manja.

"Alamu, tiyeni kuchipatala! Thanki ndi yodzaza, bwerani muone nokha!"

Anandiyang'ana ataluma mano ndi ululu, n'kutembenukira kwa mwamuna wake.

"Itanani kabaza."