Ulusi wa m'diso ndi apongozi anga

Mpaka lero apongozi anga akandiona amayamba kuseka asanandipatse moni, ndipo sindingawaimbe mlandu.

Diso langa lamanzere linachita chipsera choyera, moti madokotala anachotsa kagalasi ka pamwamba pake n'kusokererapo ka munthu wina. (Mwini wake sindinamudziwe, koma mzimu wake uuse mumtendere.) Adokotala anandiuza kuti kagalasiko kamachedwa kugwirana ndi diso chifukwa mulibe mitsempha ya magazi, choncho ulusi ukhala momwemo chaka chathunthu. Ndizidonthezamo mankhwala, ndisatikite, ndipo likangoyamba kulasa ndithamangire kuchipatala. Kupanda kutero, diso likana mlendoyo ndipo silidzaonanso.

Ndinamvera miyezi itatu. Mu Okutobala, fumbi la ku Area 25 litafika pachimake, ndinadzuka diso likulasa ngati muli mchenga. Mkazi wanga anali kumsika. Pakhomo panali mayi ake okha, amene anabwera kuchokera ku Ntcheu kudzandizonda. Zaka zisanu ndi ziwiri m'banja, ine ndi iwo tinali tisanayang'anizanepo. Moni tinkapatsana aliyense atayang'ana kumbali.

"Bambo a Tadala, chimenecho n'chitsotso," anatero ali kuseri kwa chitseko. "Kwathu onse amabwera kwa ine."

Kuchipatala ndinakuganizira ndithu, koma ulesi unapambana. Ndinakhala pampando, manyazi n'kuwaika pambali. Anandikanula chikope n'kuuziramo kawiri. Osatheka. Kenako anapota nsonga ya chitenje n'kuyamba kupalasa.

"Ndakaona, ndi katsitsi. Koma kakukanirira ngati kamera momwemo. Dikirani nditenge sefitipini."

Apa m'pamene nzeru zinandibwerera. Ndinatuluka liwiro, patapata ali m'manja, n'kudumphira kabaza kupita kuchipatala.

Adokotala anapeza kuti ulusi umodzi unakhwefuka, ndipo anauchotsa bwinobwino. "Akanaukoka, bwenzi tikukamba zina," anatero. "Wagwira disoli ndani?"

"Apongozi."

"Aamuna?"

"Aakazi."

Anesi anatuluka panja kuti akaseke momasuka.

Diso linachira, pano ndimawerenga nalo ndi tizilembo ta pabotolo la mankhwala. Chimene sichinasokeke ndi ulemu uja. Apongozi tsopano amandiyang'ana m'maso mwenimweni, ndipo amauza aliyense kuti adokotala anangomaliza ntchito imene iwo anayamba.

Dzulo m'diso lamanja munalowa chitsotso chenicheni. Ndinangozindikira ndakhala kale pampando uja.