Chofunda Chimene Chinalowa M'jeke

Inu, tamverani. Poti minibasiyi sikudzaza msanga, ndikuuzeni za a Esitele a kwathu ku Guilleme. Ndi mayi wabwinobwino, wopemphera, koma ukawalasa ndi mawu amawasunga mumtima ngati mtedza wambewu.

Mwana wawo Ivy anapeza mwamuna wa ku Chipata, dzina lake Felix. Tsiku la chinkhoswe amayi a Felix, Mayi Zulu, anafika atavala magalasi akuda, chikwama chili pamkono, akuponda monyang'wa ngati dothi la Mchinji liwaluma. Ataona chigafa cha fodya kuseri kwa nyumba anatseka mphuno ndi kampango, n'kufunsa mokweza anthu onse akumva:

"Asebele, manje kuno kupatula kusoka fodya, chiliko china chimene mumasoka?"

Anthu anaseka. A Esitele anasekanso, koma ndi mano okha, m'kati mukuwira. Alendo asanafike ndi pamsewu pomwe, iwo anali atalumbira kale kuti pa ukwati adzapereka mphatso yosoka okha, yoti mayi ameneyu adzachite kuvula magalasi aja kuti aione bwino.

Chida chinalipo. Mlongo wawo Timoteyo anawabweretsera kuchokera ku Joni makina opeta maluwa pansalu, aja umangodina batani iwo n'kumasoka okha. Makinawo ankangokhala pabalaza atafunditsidwa kansalu, ntchito yake kuonetsa alendo. Tsono pa foni ya Ivy anaona mayi wina wachizungu akusoka chofunda ndi makina ngati omwewo: pamwamba zigamba zolumikizalumikiza, pansi nsalu imodzi, pakati thonje lofewa, ndiye maluwa opetawo n'kumagwira zonse pamodzi. Mzunguyo ankasoka akumwa tiyi. A Esitele anati, "Basi zomwezi? Nanenso tiyi ndimamwa."

Zigamba sizinavute. Anaduladula zitenje zawo zabwino, n'kulumikiza, zinakongola ndithu, ine ndinaziona ndi maso angawa. Nkhani inayambira pa thonje lapakati lija, chifukwa apa ndi pamene analowererapo amuna awo, a Benedicto, munthu woti msomali wopindika sataya.

"Amake Ivy, thonje lachiyani? Mpaka kukagula chinthu choti chikabisale m'kati?"

"Nanga ndiikemo chiyani, abambo? Makoko a mtedza?"

"Ziguduli zadzaza m'chigafamo."

"Zokutira mabelo a fodya zija?"

"Zomwezo. Zikakhala m'kati aziona ndani? Kapena magalasi a Mayi Zuluwo amapenya mpaka m'kati mwa nsalu?"

Apa a Esitele akanakana, nkhani ikanathera pomwepa. Koma anaganiza kuti ziguduli zikhuthalitsa chofunda kuposa duveti aliyense wa ku Chipata, ndipo anachita kulamula kuti azisanjikize zingapo. Anazikutumula pang'ono, n'kununkhiza. A Benedicto ananunkhizanso. Onse anagwirizana kuti fungo palibe. Abale inu, anthu amenewa anabadwira mu fodya, anakwatirana mu fodya, chaka chimene chigafa chinagwa anagona ndi fodya m'chipinda momwe. Mphuno zawo zinapuma pantchito kalekale! Amene anamva kanthu ndi mphaka yekha, ndipo anasamukira kwa aneba.

Tsopano makina aja ali ndi mwambo wake. Sasoka nsalu yongoyala ayi. Umayenera kuipana kaye m'kamkombero kakang'ono ngati mbale, makinawo apete duwa m'menemo, umasule, usunthe, upanenso potsatira, mpaka chofunda chonse chithe. Koma kamkomberoko kanapangidwira nsalu, osati ziguduli. A Esitele anakanikiza ndi manja, kanakana. Anagwadirapo, kanakana. A Benedicto anapondapo ndi nsapato, kanatseka, koma makina atangoyamba singano inathyoka n'kuulukira kudenga.

"Vuto n'kukhuthala," anatero a Benedicto mwaukatswiri. "Ndipo chinthu chokhuthala mankhwala ake ndi jeke."

Jeke, kwa inu a m'tauni, ndi chibokosi chija timadindira fodya kuti akhale belo. Anapinda chofunda cha mkwati, anachilowetsa m'menemo momwe munali zinyenyeswa za fodya wa chaka chatha, n'kupotokola chitsulo mpaka misempha ya m'khosi kuoneka. Chinatuluka chitaphwatalala bwinobwino, ndipo kamkombero kanatseka kosachita kukapempha. A Esitele anayang'ana amuna awo mwachikondi, zimene sizichitikachitika pakhomo paja.

Anadina batani. Makina anayamba kuyendetsa kamkombero okha, uku ndi uku, kutsogolo ndi kumbuyo. Koma chofunda chonse chinali lende pansi, ndipo kulemera kwake kunayamba kukoka makinawo kuti agwe patebulo.

"Abambo, gwirani!"

"Ndigwire makina kapena chofunda?"

"Chofunda! Chinyamuleni paphewa, ndipo muzitsatira kumene makina akupita!"

Ndiye taganizani, bambo wamkulu, wa imvi zake, chofunda chili paphewa, makina akapita kumanja iye kumanja, akabwerera iye kubwerera, akanjenjemera popeta pakati pa duwa iye chiuno n'kumanjenjemeranso. Amayi opita kumjigo anasuzumira pazenera, ndipo dzuwa lisanapendeke mudzi wonse unali utamva kuti a Benedicto ayamba kuvina chimtali. Tsiku lina, atatopa, anayandikira kwambiri, mchira wa shati yawo yakutchalitchi n'kulowa pansi pa kamkombero. Makina safunsa. Anapeta duwa lofiira lokongola, logwira zigamba, ziguduli, nsalu yapansi ndi a Benedicto omwe.

"Masulani ulusiwo, amake Ivy!"

"Duwa lokongola chonchi? Vulani shatiyo ndiidule."

Anaidula, ndipo chidutswa chake chinatsala pomwepo.

Koma chofunda chinatha, ndipo ndisaname, chinali chokongola. A Esitele anachisisita, misozi ili lengelenge poganiza kuti mwana wawo akupita kwa eni atafunda ntchito ya manja a mayi ake. Anachitsekera m'pepala la pulasitiki kuti fumbi lisalowe. Zoti fumbi lili kale m'kati, sizinawabwerere.

Ukwati unachitika mu Okotobala, dzuwa likuswa mtengo, muholo modzaza anthu, mazenera ochepa. Nthawi ya perekaniperekani itakwana, woyendetsa mwambo anakuwa kuti amayi a mkwati ali ndi mphatso yapadera. A Esitele analowa akuvina ndi anzawo a kumphakati, pepala lili pamutu. Anakaima dala patsogolo penipeni pa Mayi Zulu. Anang'amba pepala, amayi anzawo aja anagwira ngodya zonse, ndipo a Esitele analamula monyadira:

"Kutumulani, achione bwino!"

Anakutumula kamodzi. Anabwerezanso mwamphamvu.

Woyamba kuyetsemula anali woyendetsa mwambo, ndipo anayetsemulira m'chimkuzamawu, mwakuti ana anathawira pansi pa mabenchi. Kenako mkwati, mpaka velo kuuluka. Kenako Felix, operekeza akwati, oimba, wojambula zithunzi. Mbali ya alendo a ku Chipata kunali ngati mbuzi zathiridwa tsabola: etsi! etsi! Wina analira kuti apolisi aponya utsi wokhetsa misozi, anthu n'kuyamba kukankhana pakhomo. Achibale a ku Guilleme okha anangokhala phee, akudabwa kuti alendowa agwidwa ndi chiyani.

A Esitele anaima pakati pa holo, ngodya ya chofunda ili m'manja, thukuta kamukamu. Tsopano anamvetsa. Manyazi anawagwira, ndipo analakalaka atalowa m'jeke muja wina n'kupotokola chitsulo. Anafuna kuonetsa kuti iwo si a fodya okha, ndiye taonani, ukwati wa mwana wawo wonse ukununkha chigafa.

Anadzutsa maso pang'onopang'ono kuti alandire chipongwe chawo. Mayi Zulu anali chikhalire pampando. Sanayetsemule ngakhale kamodzi. Anaimirira, anabwera, anagwira chofunda, anayang'ana uku ndi uku ngati pali akuwaona, n'kuviika nkhope yonse m'chofundamo. Anakoka mpweya wautali, wa munthu wodziwa chimene akukoka. Pamene ankadzuka, maso anali atayera ngati mwana waona sitolo ya maswiti.

"Ichi ana sangafunde," analengeza mokweza. "Chingawadwalitse. Ndichisunga ndine."

Anachipinda okha, osalola wina kugwirako, n'kuchikhalira.

Mwambo utatha Mayi Zulu anakokera a Esitele kuseri kwa holo. Anatsegula chikwama chija, n'kuwaonetsa kabotolo ka fodya wam'mphuno kobisika pansi pa buku la nyimbo, kopanda kanthu.

"Asebele," ananong'ona, "wa kwathu ku Chipata masiku ano amasakaniza ndi phulusa lambiri. Koma uyu! Uyu ndi wa m'munda mwanu?"

"Wa m'munda mwathu," anayankha a Esitele, osadziwa kuti anyade kapena alire. Koma poti mtima wa mmisiri sumva, anafunsabe: "Nanga maluwawo mwawaona bwanji, asewere? Ndapeta ndekha, ndi makina. Mukafuna ndidzakusokerani china."

Mayi Zulu anachitembenuza chofunda chija, ngati ndi nthawi yoyamba kumva kuti pali maluwa.

"Ayi, asebele, musavutike ndi makina," anatero akuwasisita paphewa. "Muzingonditumizira zam'katizo."